MAINA A CILATINI A MBEU NDI MITENGO: KODI AUZA MLIMI CIANI?

Mlimi ali yense amene anatsegulapo kabuku ka alangizi a malimidwe, kapena kupenyetsetsa paketi ya mbeu za m'dimba, anaonapo mau awiri acilendo olembedwa mopendeka pafupi ndi dzina la mbeuyo. Pafupi ndi cimanga pakhala Zea mays, pafupi ndi mtedza pakhala Arachis hypogaea. Ambiri angowalumpha, nanena kuti ndi Cingelezi cakuya ca anthu a sukulu. Si Cingelezi iai, ndipo ngakhale Mngelezi weni-weni apunthwa nawo lilime monga ife. Ndiwo maina a Cilatini, cinenero ca Aroma akale, ndipo ambiri a iwo anaumbidwa ndi mau a Cigiriki. Tifuna kuwamasulira pano, pakuti m'menemo muli nzeru imene ingapulumutse dimba la munthu ku matenda.

Wina adzafunsa kuti, nanga dzina lina nlanji pamene mbeu zathu ziri nawo kale maina? Taonani cimanga. Ife titi cimanga, Abemba ati amataba, Atonga ati mapopwe, Alozi ati mbonyi, ndipo tonsefe tiri m'dziko limodzi. Koma bvuto loposa apo ndilo la dzina limodzi logwira mbeu ziwiri. Munthu wa ku Chipata kapena ku Katete akanena nyemba, kawiri-kawiri anena zimene mbale wace wa tsidya la malire ku Mchinji azicha khobwe. Ndipo zimene wa ku Mchinji azicha nyemba, kuno ambiri aziti kayera. Awiriwa angathe kupangana za malonda, kupatsana ndalama, ndi kudzakangana tsiku lotsegula thumba. Pa Cilatini palibe kusokoneza kotere. Khobwe ndiye Vigna unguiculata, kayera ndiye Phaseolus vulgaris, ndipo ateronso ku India, ku Brazil ndi kwina kuli konse.

MFUNDA NDI DZINA

Amene anakhazikitsa njira imeneyi ndiye Carl Linnaeus, sing'anga ndi mphunzitsi wa ku Uppsala m'dziko la Sweden, amene anabadwa mu 1707 namwalira mu 1778. Iye asanabwere, anthu ophunzira anali kucha comera ndi mndandanda wa mau asanu kapena khumi ofotokoza masamba, maluwa ndi mizu yace, kotero kuti dzina lokha linali kudzaza mzere wonse wa buku. M'buku lace lochedwa Species Plantarum, la mu 1753, iye anapatsa comera ciri conse mau awiri okha. Anasankha Cilatini cifukwa ndico cinenero cimene ophunzira onse a ku Ulaya anali kulemberana masiku amenewo. Lero ciri ndi ubwino wina: palibe mtundu wa anthu umene ucilankhula pa nyumba, motero sicisintha-sintha, ndiponso palibe amene angadandaule kuti akondera cinenero ca mnzace. Mukaona lemba la L. patsogolo pa dzina, monga Zea mays L., dziwani kuti anacha dzinalo ndi Linnaeus mwini.

Ife Acewa, Angoni ndi Ansenga sitiyenera kubvutika pomvetsa njirayi, popeza ndi yathu yomwe. Munthu ali ndi dzina lace, ndiponso ali ndi mfunda kapena ciongo: Phiri, Banda, Mwale, Tembo. Pa zomera mfunda ndiwo uyamba, nulembedwa ndi lemba lalikuru. Dzina la mwini litsatira. Zomera za mfunda umodzi ndi za pa cibale ndithu. Ndipo mifunda yambiri yoyandikana isonkhanitsidwa kukhala pfuko limodzi, limene dzina lace lithera ndi -aceae.

Akulu amati a mfunda umodzi sakwatirana. Mlimi atenge lamulo lomwelo apite nalo ku munda: mbeu za mfunda umodzi, kapena za pfuko limodzi, zisatsatane pa nthaka imodzi, pakuti matenda a mkulu ndiwonso matenda a mng'ono.

ABALE OBISIKA M'DIMBA

Tiyambe ndi matimati. Dzina lace ndi Solanum lycopersicum. Liu laciwirilo ndi la Cigiriki: lykos ndi cirombo conga mmbulu, persikon ndi pichesi. Ndiye kuti "pichesi la mmbulu", dzina lonyoza, loyenerana ndi mantha amene anthu ambiri a ku Ulaya anali nawo pa cipatsoci citangofika kucokera ku America, pociyesa ca ululu. Tsono penyani mfunda wace, Solanum, ndi kuwerenga abale ace. Mbatata ya cizungu kapena kacewere ndi Solanum tuberosum, kunena "ya zotupa". Biringanya ndi Solanum melongena. Impwa ndi Solanum aethiopicum. Mnadzi ndi Solanum nigrum, "wakuda", cifukwa ca tizipatso tace. Ngakhale nthula yomera yokha m'mbali mwa khola ndi Solanum incanum, "yotuwa". Tsabola ndi fodya ali ndi mifunda yao, Capsicum ndi Nicotiana, koma ali m'pfuko lomwelo la Solanaceae.

Mlimi amene azula matimati nabzala impwa, caka camawa naika kacewere pomwepo, adzinyenga kuti acita kasinthasintha wa mbeu. Wangocotsa mkulu ndi kuika mng'ono wace. Alipo matenda amene afotetsa comera cikali cobiriwira, ngakhale nthaka iri yonyowa. Kacirombo kace kakhala m'nthaka zaka zingapo, ndipo dzina lace lomwe liulula cakudya cace: Ralstonia solanacearum, ndiko kuti "ka pfuko la Solanaceae". Ciwau cimene cipsereza masamba a matimati nyengo ya mvula ndico comweco cigwira kacewere. Cichedwa Phytophthora infestans, ndipo liu loyambalo litanthauza "woononga zomera". Ndico cinaoletsa mbatata ku Ireland kuyambira mu 1845, ndi kudzetsa njala imene inapha anthu okwana ngati miliyoni imodzi. Mbozi ya Tuta absoluta, imene inalowa m'dziko lino mu 2016 ndi kuliza alimi a matimati, idyanso masamba a kacewere ndi biringanya. Ndipo inu osuta ndi ofwenkha fodya, sambani m'manja ndi sopo musanagwire mbande za matimati, pakuti matenda a mawanga a m'masamba a fodya ayenda pa zala kupita kwa mbale wace.

Cimodzi-modzi ndi ndiwo za masamba. Kabici ndi Brassica oleracea, repu ndi Brassica napus, mpiru ndi Brassica juncea. Atatuwa ndi a nyumba imodzi, ndipo mbozi zobowola masamba ndi matenda odetsa mitsempha ya tsamba sizisankha pakati pao. Pa bedi pamene panali kabici ikanipo anyezi, amene ali Allium cepa, kapena cimanga caciwisi, kapena kayera, ndipo kabici abwerepo patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Nthawi zina Cilatini cilekanitsa zimene cinenero cathu cigwirizanitsa. Ife titi mbatata kwa kacewere, titinso mbatata kwa ija ya kholowa imene ena aicha kandolo. Koma ya kholowa ndi Ipomoea batatas, ya pfuko lina lotalikira. Ipomoea atanthauza "conga nyongolotsi", kunena kuyanga kwace. Awiriwa si abale, ndipo ciwau ca kacewere sicigwira kandolo.

KAUFITI ALI PAWIRI

Dzina la mtedza ndi lomveka bwino likamasuliridwa. Hypo ndi "pansi pa", gaia ndi "nthaka". Duwa la mtedza licita maluwa pamwamba monga ena onse, koma likafota litulutsa kamsonga kamene kawerama ndi kulowa m'dothi, ndipo mtedza ukhwimira komweko. Cifukwa cace alangizi aletsa kupalira ndi khasu pafupi ndi phata timisongati titayamba kulowa. Udzu wotsala uzulidwe ndi manja. Nzama nazo zichedwa Vigna subterranea, ndipo subterranea ndi "pansi pa nthaka" yemweyo, koma m'Cilatini. Munthu angayese kuti nzama ndi mtedza ndi mkulu ndi mng'ono. Mfunda ukana. Nzama ndi Vigna, mbale wa khobwe, ndipo zonse ziwiri ndi mbeu za muno mu Africa. Mtedza ndi mlendo wocokera ku South America. Komabe onsewa, pamodzi ndi kayera, soya ndi nandolo, ali m'pfuko limodzi la Fabaceae, limene mizu yace iri ndi timatuza tokhala tizirombo tabwino tochedwa Rhizobium, "moyo wa mu muzu", timene titenga cakudya mu mpweya ndi kuonjezera conde m'nthaka.

Tsono mverani za kaufiti, pakuti pano dzina lingathe kupulumutsa zokolola za caka. Kaufiti wodziwika m'minda ya cimanga, wa timasamba topyapyala ndi maluwa amene kawiri-kawiri ali ofiira, ndi Striga asiatica. Nzodabwitsa kuti m'Cilatini liu la striga liri ndi matanthauzo awiri, mzere wa m'munda ndiponso mfiti yaikazi. Angelezi nawo amucha udzu wa mfiti. Mitundu yotalikirana inaona cinthu cimodzi: cimanga cifota, cikhala cacifupi, pamene mdani sanaonekere pamtunda, popeza ayamwa mizu mobisika. Mbeu zace ndi zazing'ono ngati pfumbi, comera cimodzi cibala zikwi-zikwi, ndipo zingagone m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira. Zimera pokhapo zitamva madzi ocokera ku mizu ya comera cina. Striga ameneyu adya za pfuko la udzu: cimanga, mapira, mawere, mcewere ndi mpunga wa kumtunda. Mizu ya thonje, soya ndi mtedza imdzutsa, koma iye alephera kuyamwapo, nafa ndi njala. Ndico cifukwa cace mbeu zimenezi zicepetsa kaufiti zikasinthana ndi cimanga.

Koma alipo wina amene anthu amuchanso kaufiti, wa thunthu lokulirapo, masamba otakata ndi maluwa acikasu. Iyeyu ndi Alectra vogelii, wa mfunda wina, ndipo cakudya cace ndico khobwe, nzama, mtedza ndi soya. Mlimi amene aona kaufiti wacikasuyu m'munda mwace, nakumbukira uphungu wakuti mankhwala a kaufiti ndi kubzala mbeu za mtundu wa nyemba, adzakhala akumphikira mdani nsima. Pamenepo pafunika cimanga, mapira kapena thonje. Dzina limodzi la pa mudzi, adani awiri, ndi macitidwe awiri otsutsana.

MAINA OFOTOKOZA MAONEKEDWE

Maina ambiri angonena cimene diso liona, ndipo ena afanana ndi athu modabwitsa. Mpendadzuwa ndi Helianthus annuus, "duwa la dzuwa la caka cimodzi". Cisoso ndi Bidens pilosa, "mano awiri, ca ubweya", ndipo ali yense amene anathothola njere zace pa buluku awadziwa manowo. Nsatsi ndi Ricinus communis. Ricinus ndi nkhupakupa, ndipo mukaika njere ya nsatsi pafupi ndi nkhupakupa yokhuta ya pa ng'ombe mudzabvomereza. Mapira ndi Sorghum bicolor, "a maanga awiri". Pali mau angapo amene abwera-bwera, oyenera kuwasunga pa mtima: sativa ndi "colimidwa", monga mpunga, Oryza sativa, vulgaris ndi communis ndi "ca wamba", oleifera ndi "cobala mafuta", monga cam'mwamba, Moringa oleifera.

Thonje limene tilima ndi Gossypium hirsutum, ndipo hirsutum ndi "la ubweya". Ubweya umenewu si wokongoletsa cabe. Majasidi, tizirombo tobiriwira toyamwa kunsi kwa masamba mpaka m'mbali mwace mufiira ndi kupindika, tibvutika kudya ndi kuikira mazira pa tsamba la ubweya wambiri. Obereketsa mbeu za thonje kuno kum'mwera kwa Africa akhala akusankha mitundu ya ubweya pa cifukwa cimeneci.

Mtengo wa gliricidia, umene alimi ambiri a kuno kum'mawa abzala m'minda kuti ubwezere conde, tiuchula ndi dzina lace la Cilatini osadziwa. Gliricidia sepium atanthauza "wakupha mbewa, wa m'mipanda", popeza kwao ku Central America anthu anali kupanga nawo mankhwala a makoswe ndi kuuzika ngati mpanda wamoyo.

MAINA A ANTHU

Ena ndi maina a anthu obvekedwa Cilatini. Fodya, Nicotiana tabacum, akumbutsa Jean Nicot, kazembe wa France ku Lisbon, amene anatumiza fodya kwao ca m'ma 1560 pomuyesa mankhwala ociritsa. Ululu wa mu fodya, nikotini, unatenganso dzina lace. Mphotho yotere sitiikhumbira. Mlambe ndi Adansonia digitata. Michel Adanson anali wa ku France, anafika ku Senegal mu 1749 naufotokoza mtengowu. Digitata ndi "wa zala", kunena tsamba lace lotambasuka ngati dzanja. Ombwe, amene masamba ace asinjidwa kuphera nsabwe za mbeu ndi nkhupakupa, ndi Tephrosia vogelii, "wa mtundu wa phulusa, wa Vogel". Theodor Vogel anali mnyamata wa ku Germany wophunzira zomera, amene anafa mu 1841 pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger. Ndiye yemweyo wa kaufiti wacikasu uja.

Msuku ndi Uapaca kirkiana, dzina la John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 kufikira 1863. Msangu, mfumu ya mitengo ya m'munda, umene ugwetsa masamba nyengo ya mvula ndi kuleka cimanga cikule pansi pace, ndi Faidherbia albida, dzina la Louis Faidherbe, msilikali amene anakhala bwanamkubwa wa Senegal mu 1854 nalanda maiko a eni ace ndi nkhondo. Tinene zoona, pano pali cinthu cowawa. Makolo athu anadya masuku ndi kulima pansi pa misangu zaka zosawerengeka alendowa asanabadwe, koma ulemu wa dzina unapita kwa amene anali ndi colembera ndi makina osindikiza mabuku.

Komabe zinenero za eni nthaka sizinasowe konse. Tsanya wa ku cigwa ca Luangwa ndi Colophospermum mopane, ndipo mopane ndi liu la anthu a kum'mwera kwa Africa. Mbawa inalembedwa Khaya nyasica, "ya ku Nyasa", ndipo nyasa m'Ciyao ndi nyanja. Zea linali dzina la Cigiriki la mtundu wina wa tirigu, koma mays acokera kwa Ataino a pa zisumbu za Caribbean, amene anali kuti mahiz pamene Christopher Columbus anawafikira mu 1492. Batatas nalo ndi liu lao. Linayenda pa zombo za Apwitikizi mpaka kukhala mbatata m'kamwa mwathu. Anthuwo anatha pafupi-fupi onse ndi matenda ndi nchito ya kalabvula gaga m'zaka makumi owerengeka, koma mau ao tiwanena ife pa nkhokwe.

PAMENE DZINA LINAMA

Musakhulupirire dzina monga mboni ya ku bwalo. Lamulo la ophunzira ndi lakuti dzina loyamba kulembedwa mwa dongosolo likhala, ngakhale wolembayo anaphonya. Bwemba ndi Tamarindus indica. Tamarindus acokera ku Ciarabu, tamr hindi, "kanjedza wa ku India", ndipo indica abwerezanso India yemweyo. Koma kwao kweni-kweni kwa bwemba ndi muno mu Africa, kumene amera yekha pa zulu ndi m'mbali mwa mitsinje. Mcewere, umene mabuku ambiri auti Pennisetum glaucum, unasamutsidwa mu 2010 kukhala Cenchrus americanus, "wa ku America", pamene unayamba kulimidwa ku West Africa zaka zikwi zinai zapitazo ndi kuposa. Ndipo Striga asiatica ali ponse-ponse m'minda mwathu ngakhale dzina limuika ku Asia.

Maina asinthanso ophunzira akapeza kuti cibale cinalembedwa molakwa. M'timabuku takale mudzapeza msangu uli Acacia albida, nzama ziri Voandzeia subterranea, ndi matimati ali Lycopersicon esculentum. Ndi zomera zomwezo. Asintha ndi maina okha.

Cenjerani makamaka ndi liu la esculenta, "codyedwa". Cinangwa ndi Manihot esculenta, ndipo Manihot acokera ku cinenero ca Atupi a ku Brazil. Dzinalo ndi limodzi kwa cinangwa cozuna ndi cowawa comwe, ndipo silikuuzani kuti cowawa ciri ndi ululu. Cisendedwe, cibviikidwe m'madzi masiku angapo kufikira cifewe, ndi kuyanikidwa bwino. Kumene anthu afupikitsa nchitoyi nthawi ya njala kubuka matenda opuwalitsa miyendo ochedwa konzo, amene agwira makamaka ana ndi akazi. Pano cimene cikucenjezani ndi pfuko, osati dzina. Cinangwa ciri m'pfuko la Euphorbiaceae, pamodzi ndi nsatsi, imene njere zace zingaphe mwana, ndi nkhadze, Euphorbia tirucalli, imene utomoni wace uononga maso. Pfuko lonselo linatenga dzina kwa Euphorbus, sing'anga wa mfumu Juba ya kumpoto kwa Africa zaka ngati 2,000 zapitazo.

Boma ndi makhoti agwiritsa nchito maina a Cilatini cifukwa wamalonda sangawazembe. Mlombwa, umene ena auti mukwa, ndi Pterocarpus angolensis. Mukula ndi Pterocarpus tinctorius. Pterocarpus ndi "cipatso ca phiko", kunena khoko lace lozungulira limene liuluka ndi mphepo, ndipo tinctorius ndi "wonikira", cifukwa ca mtima wace wofiira umene anthu anali kupera ndi kudzola. Mukula atadulidwa mopanda cifundo kuti agulitsidwe kunja, maiko a m'pangano la CITES, pa msonkhano wao wa ku Geneva mu 2019, anamuika pa mndandanda wa mitengo yosaturuka m'dziko popanda cilolezo. Pa cikalata cimeneco sipalembedwa mukula, kapena dzina lina la pa msika limene munthu angasinthe pa malire. Palembedwa Pterocarpus tinctorius.

Mukapeza udzu wacilendo m'munda, kapena comera cimene mucikaikira kuti capha ng'ombe, musapite kwa mlangizi ndi tsamba limodzi m'thumba la malaya. Cibale ca zomera cizindikirika makamaka ndi duwa ndi cipatso. Thyolani nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso ngati zilipo, ndipo ngati ndi kaudzu kazuleni ndi mizu yomwe. Kaikeni pakati pa mapepala a nyuzi, iyi yomwe mukatha kuiwerenga, mutsindike ndi thabwa ndi mwala, ndi kusintha mapepalawo akanyowa. Lembani dzina la mudzi, tsiku, mtundu wa nthaka, maonekedwe a duwa likali laliwisi, ndi dzina limene akulu a kwanuko acicha. Mlangizi akalephera kucidziwa angacitumize kwa akatswiri a ku Msekera kapena a ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga, kumene kusungidwa zomera zouma zofanizira.